ZOFALITSA NKHANI-KUMWERA KWA AFRICA: Makampani a Kanema ndi Magemu Akamagulana, Amalipira Ndani?

BULAWAYO – Pafupifupi mwezi uliwonse kumamveka mphekesera zakuti kampani ina yaikulu ya kanema wa pa intaneti kapena ya masewero a pakompyuta ili pafupi kugulidwa ndi inzake. Zambiri mwa mphekeserazi zimathera m'malere. Koma zingapo zomwe zinapherezera pakati pa 2023 ndi 2026 zasintha kale eniake a zomwe mabanja a m'chigawo cha kumwera kwa Africa amaonera madzulo, ndipo zikhoza kukhudzanso mtengo womwe amalipira ndi chilankhulo chomwe amamva pa kanemayo.

Malo amodzi oyenera kuunikirapo nkhaniyi ndi Sizinda, dera la mumzinda wa Bulawayo lomwe linakula kaamba ka ntchito ya njanji. M'nthawi ya atsamunda, kampani ya Rhodesia Railways inkasungako antchito ake, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Zidzukulu zawo zilipobe, Chichewa chimamvekabe pambali pa Chindebele ndi Chishona, ndipo gule wamkulu amadziwika m'derali.

Woonera kanema ku Sizinda amalipira m'madola a ku America, zomwe amaonera zimadzera ku Randburg m'dziko la South Africa, pomwe mwini wake wa zonsezo tsopano ali ku France. Pa mfundo zitatuzi palibe ngakhale imodzi yomwe iye kapena boma lake anafunsidwapo maganizo mokwanira.

Mmene MultiChoice inagulidwira

Kampani ya MultiChoice, yomwe imayendetsa DStv, GOtv ndi SuperSport, inayamba kuulutsa DStv kudzera pa setilaiti mu 1995. Mu Febuluwale 2019 inapatukana ndi kholo lake Naspers n'kuyamba kugulitsa masheya payokha pamsika wa Johannesburg. Chaka chotsatira, kampani ya Canal+ ya ku France inayamba kugula masheyawo pang'onopang'ono.

Kwa zaka zitatu nkhaniyi inali ya manong'onong'o chabe. Ambiri ankati sizingatheke chifukwa malamulo a South Africa salola akunja kukhala ndi mavoti opitirira 20 peresenti m'kampani yokhala ndi chiphaso choulutsira mawu ndi zithunzi. Koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Pofika Febuluwale 2024 Canal+ inali itadutsa 35 peresenti, mlingo womwe lamulo limakakamiza wogula kuti apereke mtengo kwa onse otsala okhala ndi masheya.

Poyamba Canal+ inatchula malandi 105 pa sheya iliyonse ndipo akuluakulu a MultiChoice anakana ponena kuti mtengowo wachepa. Itakweza kufika pa malandi 125, zomwe zinaika mtengo wa kampani yonse pa malandi pafupifupi 55 biliyoni, zokambirana zinayenda. Bwalo la Competition Tribunal linavomereza malondawa mu Julayi 2025, mu Sepitembala Canal+ inatenga ulamuliro, ndipo mu Disembala chaka chomwecho MultiChoice inachotsedwa pamsika wa masheya wa Johannesburg.

Vuto la lamulo lija analizemba pokhazikitsa kampani yapadera yosunga chiphaso cha ku South Africa. Gawo lalikulu la kampaniyo lili m'manja mwa nzika za dzikolo zomwe zinkasalidwa kale, kuphatikizapo gulu la Phuthuma Nathi ndi thumba la antchito, pomwe gulu la MultiChoice linatsala ndi 49 peresenti ya chuma chake ndi mavoti 20 peresenti. Malinga ndi zomwe Canal+ inalengeza panthawiyo, makampani awiriwa pamodzi anali ndi makasitomala oposa 40 miliyoni m'maiko pafupifupi 70.

Chomwe chinafooketsa kampaniyi

Kampani yamphamvu siigulidwa wamba. MultiChoice inali itayamba kuonda. Mu Malichi 2023 inali ndi makasitomala olipira 17.3 miliyoni, koma pofika Malichi 2025 anatsala 14.5 miliyoni. Anthu 2.8 miliyoni anasiya kulipira m'zaka ziwiri zokha.

Zifukwa zake n'zodziwika kwa aliyense m'chigawo chino. Ufulu woonetsa mpira wa ku England ndi wa UEFA, mafilimu a ku America komanso lendi ya setilaiti zimalipiridwa m'madola kapena mayuro, pomwe makasitomala ambiri amalandira malipiro m'ndalama za m'maiko mwawo. Naira ya ku Nigeria inagwa kwambiri kuyambira pakati pa 2023. Kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ku Zimbabwe boma linabweretsa ndalama yatsopano ya ZiG mu Epulo 2024, koma DStv inali itazolowereka kale kulipiridwa m'madola a ku America.

Chilala cha 2024 chinaonjezera vutoli. Madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima maola ambiri patsiku ku Zambia ndi ku Zimbabwe, ndipo banja lomwe kanema wake ali chete tsiku lonse silionanso chifukwa cholipirira mwezi wathunthu. Mbali inayi, achinyamata anasamukira pa YouTube, Facebook ndi TikTok, ena pa Netflix, enanso pa masamba oonetsa mpira mwakuba.

Anthu a ku Bulawayo anaonapo kale momwe malonda amenewa amagwera. Mu 2013 mabanja ambiri omwe ankaonera matchanelo a SABC kwaulere pa madikoda a Wiztech ndi Philibao anangoona zithunzi zazima, kampani ya Sentech itatseka mafunde ake potsatira chigamulo cha khoti ku South Africa. Kumayambiriro kwa 2014 GOtv inasiya kuulutsa m'Zimbabwe chifukwa cha mkangano ndi kampani ya boma ya Transmedia. Kwesé TV ya Strive Masiyiwa, yomwe ambiri ankaiyembekezera kuti ipikisane ndi DStv, inatsekeratu ntchito yake ya setilaiti mu 2019, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kunali chimodzi mwa zifukwa zake.

Phunziro la Showmax

Pa kanema wa pa intaneti, chiyembekezo cha MultiChoice chinali pa Showmax, yomwe inayamba mu Ogasiti 2015, miyezi yochepa Netflix isanafike m'maiko a mu Africa mu Januwale 2016. Mu Malichi 2023 MultiChoice inagulitsa 30 peresenti ya Showmax kwa NBCUniversal, nthambi ya kampani ya Comcast ya ku America, ndipo mu Febuluwale 2024 inaikhazikitsanso mwatsopano m'maiko 44 pogwiritsa ntchito makina a Peacock.

Panthawiyo panali mphekesera zakuti mwina Comcast ndiyo idzagule MultiChoice yonse. Sizinatero. M'malo mwake Showmax inayamba kudya ndalama zambiri kuposa zomwe inkabweretsa: m'chaka cha zachuma chothera mu Malichi 2025 inaluza malandi pafupifupi 4.9 biliyoni. Mu Malichi 2026, patangotha miyezi yosakwana 6 chitengereni ulamuliro Canal+, kunalengezedwa kuti Showmax itsekedwa.

Chigamulochi chikuonetsa momwe wogula amaganizira. Kampani yomwe yatulutsa mabiliyoni pogula inzake imayamba yafufuza pomwe ingadule ndalama, ndipo choyamba kugwa chimakhala chomwe chikuluza, ngakhale chikhale chokondedwa. Canal+ inauza okhala ndi masheya ake kuti ikuyembekezera kupulumutsa ndalama zoposa mayuro 400 miliyoni pachaka pofika 2030 kudzera m'kuphatikiza ntchito za makampani awiriwa. Ndalama zotere zimachokera pa kugula mapologalamu limodzi, kuchepetsa makina ochita ntchito yofanana komanso kukambirananso mitengo ndi opanga mafilimu.

Njira ya Canal+ ndi yosiyananso ndi ya MultiChoice yakale. M'malo molimbana ndi Netflix, mu Juni 2025 inagwirizana nayo kuti makasitomala a m'maiko 24 a mu Africa olankhula Chifalansa azipeza Netflix kudzera mwa Canal+. Cholinga chake n'kukhala khomo lomwe aliyense wofuna kugulitsa kanema mu Africa ayenera kudzerapo. Kwa woonera, ubwino wake ndi woti amalipira pamalo amodzi. Kuipa kwake ndi koti khomo likakhala limodzi, mlonda wake ndiye amatchula mtengo.

Za ku Hollywood zimafika msanga

Nkhani ya kampani ya Warner Bros. Discovery ikuonetsa momwe mphekesera za kutali zimafikira pa dikoda ya m'nyumba. Pa 5 Disembala 2025 Netflix inalengeza kuti yagwirizana zogula mbali ya mafilimu ndi HBO ya kampaniyo pa mtengo wa madola 82.7 biliyoni, kuphatikizapo ngongole. Patangotha masiku atatu, Paramount Skydance inapita kwa okhala ndi masheya mwachindunji ndi madola 108.4 biliyoni pofuna kampani yonse. Mu Febuluwale 2026 Paramount itakweza mtengo kufika pa madola 31 pa sheya, Netflix inakana kupikisana nayo ndipo Paramount inasainirana mgwirizano ndi Warner.

Mkati mwa mpungwepungwe womwewo, mu Disembala 2025 makasitomala a DStv anachenjezedwa kuti matchanelo 12 a Warner, monga CNN International, Discovery ndi Cartoon Network, akhoza kuchoka pa 1 Januwale 2026 chifukwa mbali ziwirizi sizinamvane pa mtengo. Mgwirizano unapezeka chaka chili pafupi kutha ndipo matchanelowo anakhala. Koma MTV Base ndi BET Africa, a kampani ya Paramount, anatsekedwa chifukwa eniake ankachepetsa ndalama zomwe amawononga kunja kwa America.

MTV Base inali itaulutsa nyimbo za mu Africa kuyambira 2005. Kutsekedwa kwake sikunadze kaamba ka dandaulo la oonera a ku Lusaka, Blantyre kapena Tete. Kunachokera pa masamu a kampani yomwe inali itangophatikizana ndi Skydance mu Ogasiti 2025. Zofanana ndi zimenezi zinachitika mu Januwale 2024, pomwe Amazon inasiya kuyambitsa mafilimu atsopano a Prime Video opangidwira mu Africa muno.

Cholinga cha mgwirizano wa Paramount ndi Warner n'kuika Nickelodeon ndi Cartoon Network, komanso CBS ndi CNN, m'manja mwa mwini mmodzi. Wogulitsa wamkulu chotere amakhala ndi mphamvu zambiri pokambirana mtengo ndi Canal+, ndipo mtengo womwe awiriwo agwirizana umadzaonekera pa zomwe kasitomala amalipira kumapeto kwa mwezi.

Mbali ya magemu

M'matauni a m'chigawo chino, achinyamata ambiri amasewera magemu pa foni zam'manja, ndipo ena amalipira kangachepe kuti asewere mpira pa PlayStation m'timashopu ta m'misika. Gemu yotchuka m'malo oterewa ndi yomwe kale inkatchedwa FIFA, yomwe kuyambira 2023 imatchedwa EA Sports FC.

Pa 29 Sepitembala 2025, sabata imodzi Canal+ italengeza zoti yatenga MultiChoice, kampani yopanga gemuyi ya Electronic Arts inavomera kugulidwa pa madola 55 biliyoni. Ogulawo ndi thumba la chuma la boma la Saudi Arabia lotchedwa PIF, kampani ya Silver Lake ndi Affinity Partners ya Jared Kushner. Pa ndalamazi, madola 20 biliyoni ndi ngongole yokonzedwa ndi banki ya JPMorgan, ndipo pa malonda a mtundu uwu ngongoleyo imasenzedwa ndi kampani yogulidwayo.

Kampani yokhala ndi ngongole yotere imafunika ndalama zolowa mwezi ndi mwezi. Pa magemu a mpira, ndalama zimenezi zimachokera kwambiri pa zogulagula za mkati mwa gemu, monga makhadi a osewera. Choncho n'zomveka kuyembekezera kuti opanga gemuyi adzalimbikira mbali yofuna intaneti ndi khadi ya kubanki, pomwe mwini kashopu ku Sizinda kapena ku Ndirande amadalira gemu yoti anthu awiri akhale pansi n'kusewera popanda intaneti.

Chitsanzo china ndi cha Microsoft, yomwe mu Januwale 2022 inalengeza zogula Activision Blizzard, eni ake a Call of Duty ndi Candy Crush, pa madola 68.7 biliyoni. Malondawa anatha mu Okutobala 2023 atakumana ndi zopinga ku America ndi ku Britain, komwe Microsoft inakakamizika kupereka kwa kampani ya Ubisoft ufulu woulutsa magemuwo pa intaneti. Ku South Africa anavomerezedwa popanda mfundo iliyonse yowamanga. Mu Januwale 2024 Microsoft inachotsa ntchito anthu 1,900 a mbali ya magemu, ndipo mu Okutobala 2025 inakweza mtengo wa Game Pass Ultimate ku America kuchoka pa madola 19.99 kufika pa 29.99 pamwezi.

Magemu ndi kanema n'zolumikizana kuposa momwe zimaonekera. Canal+ inali nthambi ya kampani ya Vivendi mpaka Disembala 2024, ndipo banja la Bolloré ndilo lili ndi gawo lalikulu m'makampani onse awiri. Vivendi yomweyo ndiyo inali ndi masheya ambiri a Activision Blizzard mpaka 2013, inatenga kampani ya magemu a pafoni ya Gameloft mu 2016, ndipo kuyambira 2015 inkagula masheya a Ubisoft pang'onopang'ono mpaka kufika pa 27 peresenti. Ku Ubisoft njirayi inakanika chifukwa banja la Guillemot linakana kwamtuwagalu, ndipo Vivendi inagulitsa gawo lake mu 2018. Ku MultiChoice kunalibe banja kapena mwini wamkulu woti n'kutchinga khomo.

Pogula MultiChoice, Canal+ inatenganso Irdeto, kampani yoteteza madikoda kwa akuba yomwe kuyambira 2018 ndi mwini wa Denuvo, luso lotchinjiriza magemu kuti asakopedwe. Inatenganso gawo la 49 peresenti m'kampani ya juga ya KingMakers, yomwe MultiChoice inalowamo mu 2020 ndi 2021. Mpira wa pa kanema, mpira wa pa gemu ndi kubetcha zonse zikusaka thumba limodzi, la mnyamata wokhala ndi foni.

Mu Africa muno makampani a magemu akadali aang'ono. Yodziwika kwambiri m'chigawo chino ndi Carry1st ya ku Cape Town, yomwe inayamba mu 2018, inapeza madola 27 miliyoni kuchokera kwa oika ndalama mu Januwale 2023, ndipo mu 2024 inalandiranso ndalama kuchokera ku thumba la Sony. Mphamvu yake ili pa kuthandiza osewera kulipira ndi ndalama za pafoni m'malo mwa khadi ya kubanki. Kampani iliyonse yakunja yofuna msika wa Africa imasowa chinthu chimenechi, n'chifukwa chake makampani otere ndiwo oyenera kuwayang'anitsitsa pa nkhani za kugulana.

Kusiyanitsa mphekesera ndi zenizeni

Amati utsi sufuka popanda moto, koma pamsika wa masheya ulipo utsi wofukizidwa dala. Mabanki okonza malonda otere amapindula nkhani ikamveka, ndipo wokhala ndi masheya amapindula mtengo ukakwera chifukwa cha manong'onong'o. Nkhani zomwe zafotokozedwazi zikupereka zizindikiro zinayi zothandiza owerenga.

Choyamba ndi masheya. Lamulo limakakamiza wogula kuulula akadutsa milingo ina, choncho zomwe Canal+ inkachita kuyambira 2020 zinali poyera kwa aliyense wowerenga zidziwitso za msika. Chachiwiri ndi kufooka kwa wogulidwayo: kuchepa kwa makasitomala, ngongole, kapena kuyamba kugulitsa nthambi, monga momwe MultiChoice inagulitsira 60 peresenti ya bizinesi yake ya inshulansi kwa Sanlam mu 2024.

Chachitatu ndi gwero la ndalama. Malonda olipiridwa ndi ngongole yaikulu amabwera ndi kudula ntchito ndi kukweza mitengo. Chachinayi ndi malamulo. Microsoft inadikira miyezi 21, Canal+ inadikira pafupifupi chaka ndi theka, ndipo Netflix inasaina mgwirizano womwe unatha pasanathe miyezi itatu. Kulengeza malonda ndi kuwatsiriza ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Mfundo zinateteza ndani?

Povomereza malonda a MultiChoice, akuluakulu a ku South Africa anaika mfundo zingapo. Zina mwa izo n'zoti pasakhale kuchotsa antchito chifukwa cha malondawa kwa zaka zitatu, kuti ndalama zopangira mapologalamu ndi masewero a m'dzikolo zipitirire, komanso kuti makampani aang'ono ndi a anthu omwe ankasalidwa azipatsidwa mabizinesi. Malonjezowa anawerengeredwa kuti ndi a malandi pafupifupi 26 biliyoni pa zaka zitatu.

Mfundozi n'zabwino kwa nzika za South Africa, koma mphamvu yake imathera pa mtsinje wa Limpopo. Bungwe la dziko limodzi limateteza anthu a dziko lakelo. Wopanga mafilimu ku Lusaka, wogulitsa madikoda ku Lichinga ndi woonera ku Sizinda sali m'gulu la otetezedwa ndi chigamulo cha ku Pretoria.

Dziko la Malawi linaona mu 2023 momwe dziko laling'ono limachepera mphamvu likaima lokha. Bungwe la MACRA litatenga chiletso cha khoti choimitsa kukweza mitengo ya DStv, kampani ya MultiChoice Africa Holdings inalengeza mu Ogasiti kuti yasiya kupereka DStv m'dzikolo. Mfundo ya MultiChoice Malawi inali yoti siyo imakhazikitsa mitengo, koma kampani ya kunjayo. Ntchitoyi inayambiranso mu Disembala, Khoti Lalikulu litapereka chigamulo chokomera kampaniyo. Kwa miyezi ingapo, omwe anavutika anali oonera ndi ogulitsa zipangizo.

Ghana inayesa njira ina mu 2025. Nduna ya zofalitsa nkhani Samuel Nartey George inaopseza kuimitsa chiphaso cha DStv ngati mitengo siitsika ndi 30 peresenti. Mkanganowo unatha ndi mgwirizano woti kuyambira mu Okutobala makasitomala azipeza matchanelo ochuluka pa mtengo womwe ankalipira kale. Msika wa Ghana ndi wokulirapo, ndipo boma linakakamira panthawi yomwe mwini watsopano sankafuna kuyamba ndi mkangano.

Zida zogwirira ntchito limodzi zilipo. Bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda, lomwe linayamba ntchito mu 2013 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe, lili ndi mphamvu younika kugulana kwa makampani kokhudza maiko angapo. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi mamembala, ngakhale Mozambique ndi South Africa sali m'bungweli. Ku Zambia, wailesi ya boma ya ZNBC ili ndi masheya m'kampani ya MultiChoice Zambia komanso mu TopStar, yomwe inakhazikitsidwa limodzi ndi StarTimes ya ku China. Chomwe chikusowa n'chakuti maikowa agwirizane pa zomwe akufuna malonda ena asanafike pa tebulo, chifukwa akasainidwa mpata wokambirana umachepa.

Nkhani ya chilankhulo

Kwa anthu a ku Sizinda, nkhani ya mwini wa zoulutsira mawu ndi yakale. Makolo awo ankamva Chinyanja kuchokera ku Lusaka pa wailesi ya Central African Broadcasting Station, makamaka kuyambira 1949 pomwe kunabwera wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya. Wailesiyo inali ya atsamunda ndipo inali ndi zolinga zake, komabe inkalumikiza wogwira ntchito ya njanji ku Bulawayo ndi nyimbo za kwawo.

Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo wailesi ya National FM imaulutsa mapologalamu ena m'chilankhulochi. Malamulo omwewo anatsegula njira yoti obadwira m'dzikolo kwa makolo ochokera m'maiko a SADC akhale nzika, atakhala zaka zambiri akutchedwa alendo potsatira kusintha kwa lamulo mu 2001.

Pa kanema wolipira zinthu sizinafike pamenepo. Isanagulidwe ndi Canal+, MultiChoice inakhazikitsa matchanelo a Chiyoruba, Chihausa, Chiigbo, Chiswahili ndi Chiamuhariki. Mu 2015 inatsegula Zambezi Magic, komwe kunatchukira masewero a ku Zambia monga Zuba ndi Mpali, ndipo mu 2022 inatsegula Maningue Magic ya ku Mozambique. Chichewa, chomwe chimalankhulidwa m'maiko anayi, sichinapatsidwe tchanelo yakeyake.

Luso lilipo. Filimu ya Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula inapambana mphotho ya AMVCA mu 2016, ndipo The Road to Sunrise ya Shemu Joyah inapambananso mu 2018. Mu 2019 Netflix inaonetsa The Boy Who Harnessed the Wind, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, momwe mbali yaikulu ya zokambirana ili m'Chichewa. Mu 2020 inatenga Cook Off ya ku Zimbabwe, ndipo mu 2023 inaonetsa Supa Team 4 ya Malenga Mulendema wa ku Zambia. Vuto n'lakuti ogula mafilimu otere ndi ochepa, ndipo kugulana kulikonse kumawachepetsanso. Showmax inali mmodzi mwa ogula akuluakulu a mafilimu a mu Africa.

Pakadali pano Achewa a kunja amapeza nkhani za kwawo makamaka pa foni. Wailesi za Zodiak, Times ndi MBC zimaulutsa pa Facebook, ndipo oimba ndi ochita zisudzo amaika ntchito zawo pa YouTube. Kubwera kwa Starlink, yomwe inayamba ku Mozambique, Malawi ndi Zambia mu 2023 komanso ku Zimbabwe mu Sepitembala 2024, kwathandiza ena omwe angakwanitse. Koma masamba amenewanso eni ake ndi makampani ochepa a ku America, ndipo akasintha malamulo a kalipiridwe, woimba wa ku Chipata alibe koti n'kukadandaula.

Zoyenera kuyang'anira

Mwini watsopano angabweretse zabwino. Canal+ ili ndi mphamvu yogula ufulu wa mpira pa mtengo wabwinoko chifukwa ikugulira maiko ambiri nthawi imodzi, ndipo kuti ibweze ndalama zake iyenera kukopanso mabanja omwe anasiya kulipira. Izi zikhoza kuikakamiza kutsitsa mtengo wa madikoda ndi kupanga mitolo ya matchanelo yotsika mtengo. Kampani yofooka ikanatha kugwa ngati Kwesé, ndipo oonera sakanapindula kanthu.

Komabe zinthu zitatu ndizo zidzaonetse ngati malondawa apindulira chigawo chino. Choyamba ndi mtengo m'maiko omwe ndalama zawo zikugwa. Chachiwiri ndi ndalama zoperekedwa kwa opanga mapologalamu a ku Lusaka, Harare, Lilongwe ndi Maputo, omwe alibe chitetezo cholembedwa. Chachitatu ndi zomwe zidzachitike mu 2028, pomwe zaka zitatu za malonjezo a ku South Africa zidzathe.

Nthawi yomwe yatsalayi ndi yokwanira kuti MACRA, IBA ya ku Zambia, BAZ ya ku Zimbabwe ndi anzawo a ku Mozambique akhale pansi n'kumanga mfundo imodzi pa kaululidwe ka mitengo, gawo la mapologalamu a m'zilankhulo za m'chigawo chino, ndi nthawi yochenjeza makasitomala ntchito isanatsekedwe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo zomwe zinachitikira Malawi mu 2023 zinaonetsa kuti kampani ikhoza kuchoka m'dziko limodzi mosavuta kusiyana ndi kuchoka m'maiko anayi pakamodzi.